Kukhoma misomali m'malo opanikizika ndi palm nailer yoyendera mpweya

Mmisiri aliyense wa matabwa amene anagwirapo ntchito m'kati mwa denga amadziwa kuti pali malo ena pamene msomali uyenera kulowa koma hamala ilibe pozungulira. Pamene phaso lakumana ndi thabwa logona pamwamba pa khoma, malata amakhala atatsikira pafupi kwambiri moti dzanja limangokwanira kulowa, ndipo pakati pa mitanda yotalikirana mamilimita 400 pamatsala mpata wa mamilimita pafupifupi 350 okha, pomwe hamala wamba payokha ndi yaitali masentimita oposa 30. Zotsatira zake zimaoneka tikakwera m'madenga ambiri ndi tochi: misomali yopindika n'kungogonekedwa pathabwa, ina yolowa theka, ndiponso mabowo a zitsulo zolumikizira matabwa atasiyidwa opanda kanthu. Chodetsa nkhawa n'chakuti malo ovuta kufikawo ndi amenenso amagwira denga kuti lisasasuke mphepo yamkuntho ikafika.

Palm nailer inapangidwira malo oterowo. Ndi kamakina kokwana m'chikhatho, kamene kunsi kwake kuli kamlomo kachitsulo kolowetsamo mutu wa msomali, ndipo chakumbali kuli polumikizira payipi ya mpweya yochokera ku kompuresa, makina opopa ndi kupanikiza mpweya m'thanki. Timakina tating'ono kwambiri timalemera pafupifupi theka la kilogalamu ndipo timakhoma misomali yofika mainchi 3.5, pamene tokulirapo timapitirira kilogalamu imodzi ndipo timatha misomali ya mainchi 5 ndi kuposerapo. Makampani monga Bostitch, Senco ndi Metabo HPT amapanga toyendera mpweya, ndipo Milwaukee ili ndi kake koyendera batire ya mavoti 12, koma pano tikukamba za koyendera mpweya. Kamakinaka kanafala kwambiri ku North America, kumene nyumba zambiri zimaimikidwa ndi matabwa kuyambira pansi mpaka padenga, ngakhale kuti ntchito yake ndi yomweyo kulikonse kumene kuli denga, siling'i kapena kabati yofuna kukhomedwa cham'kati.

Ndi bwino kusiyanitsa msanga kamakinaka ndi mfuti ya misomali. Mfuti imalandira misomali yomatidwa pamodzi mumzere ndipo imalowetsa msomali wonse pakuwomba kamodzi, pamene palm nailer imalandira misomali wamba yogula pa kilo, umodziumodzi, n'kuumenya kambirimbiri pa sekondi imodzi kufikira utamira. Kalibe pokoka ndi chala kuti kayambe. M'kati mwake muli pisitoni imene imayamba kugunda pokhapokha mukakanikiza msomali pathabwa, ndipo imaleka mukangofewetsa dzanja. Motero n'kochedwa poyerekeza ndi mfuti, ndipo munthu amene akukhoma pamtetete, pamene mkono uli ndi ufulu wonse, sangapindule nako kwenikweni. Ine ndimaona kuti amene wagula kamakinaka asataye hamala yake, koma azikatulutsa pamalo aliwonse pamene akanakhoma mwam'mbali, mozondoka kapena mongoganizira chifukwa choti mutu wa msomali sakuuona.

Mpweya ndi kompuresa

Musanalumikize chilichonse, werengani zimene wopanga walemba za mphamvu ya mpweya, chifukwa timakinati timasiyana. Tambiri timagwira bwino pakati pa 70 ndi 100 psi, kutanthauza pafupifupi 5 mpaka 7 bar pa geji, kapena kuti zoyezera mphamvu ya mpweya, za kuno ndi za ku Ulaya. Yambani chakumunsi, yesani msomali umodzi pachidutswa cha thabwa la mtundu womwewo umene mukugwiritsa ntchito, ndipo kwezani pang'onopang'ono pokhapokha ngati msomali ukulowa mwaulesi. Kupitiriza malire amene alembedwa sikufulumizitsa ntchito, koma kumangotha timphete ta labala tam'kati ndi kuwonjezera kunjenjemera kofika m'dzanja lanu. Mpweya uchokere ku kompuresa basi. Silinda ya oxygen kapena ya gasi wina aliyense, ngakhale itakhala pafupi chifukwa choti pamalopo pali owotcherera zitsulo, isalumikizidwe konse, pakuti oxygen akakumana ndi mafuta a m'kamakinaka angathe kuphulika.

Kompuresa yaing'ono ya thanki ya malita 24 imakwanira mmisiri mmodzi, chifukwa kamakinaka kamangomwa mpweya kwa masekondi ochepa pa msomali uliwonse. Kompuresayo ikhale pansi pafupi ndi soketi, ndipo chotalikitsa chikhale payipi ya mpweya, osati chingwe cha magetsi, popeza chingwe chachitali ndi chopyapyala chimafooketsa magetsi ofika kumota, moti imavutika kudzuka ndipo imatentha. Amene amadalira jenereta magetsi akathima akumbukire kuti mota ya kompuresa imafuna mphamvu yochuluka kangapo pamene ikuyamba kuposa pamene yayamba kale kuzungulira, choncho jenereta yongokwanira ndendende pa chiwerengero cholembedwa pamotayo ikhoza kulephera kuidzutsa.

Pali vuto lina limene limakhumudwitsa ogula zipangizo zochokera kunja. Polowera mpweya pa timakina ta ku America pamakhala mazinga a mtundu wa NPT a kota ya inchi, pamene zolumikizira zambiri zogulitsidwa ku South Africa, ku Britain ndi kuno zili ndi mazinga a BSP. Mitundu iwiriyi imafanana poiona ndipo imayamba kulowana, koma imatayitsa mpweya ndipo mukaumiriza ndi sipanala mumawononga mazingawo. Pokagula cholumikizira, nyamulani kamakinako ndi kumapeto kwa payipi yanu kuti muyesere m'sitolo momwemo, ndipo pomanga kulungani mazinga ndi tepi yoyera ija ya mapulambala. Kompuresa yaing'ono ya ku America nayonso imapangidwira magetsi a mavoti 120, pamene athu ndi a mavoti 230, motero ndi bwino kugula kompuresa komwe mukukhala. Ngati mungapeze cholumikizira chotha kutembenukira mbali zonse, chiikeni, chifukwa m'malo opanikizika payipi yolimba ndiyo imayamba kupotoza dzanja msomali usanalowe.

Msomali woyenera

Kamlomo ka palm nailer kali ndi maginito ogwira mutu wa msomali, ndipo kukula kwa kamlomoko ndi kumene kumalamula misomali imene mungagwiritse ntchito. Mutu uyenera kulowa mosavuta koma usamagwedezeke kwambiri. Msomali wa mutu waung'ono kwambiri ukaikidwa m'kamlomo kotakasuka, chitsulo chomenyera chimatha kuuphonya n'kuupanikizira m'mbali, ndipo n'chifukwa chake timakina tokulirapo timabwera ndi timilomo tosinthasintha, kena ka misomali ing'onoing'ono yomalizira ntchito ndi kena ka misomali ikuluikulu. Misomali ya malata ya mitu yotambalala ija silowa, ndipo ngakhale ikanalowa, kugunda kofulumirako kukanaphwanya msana wa lata. Misomali yolimbitsidwa yokhomera pakonkire musaiyese pokhapokha wopanga atalemba kuti n'kololedwa, chifukwa imathyoka m'malo mopindika ndipo tizidutswa take timauluka. Dziwaninso kuti maginito sagwira misomali ya mkuwa, ya aluminiyamu ndi mitundu yambiri ya stainless steel, choncho imeneyo muyenera kuichirikiza ndi pulayala poyambira.

Ngati thabwa linanyikidwa m'mankhwala oteteza ku chiswe ndi kuwola, makamaka mankhwala okhala ndi mkuwa amene amasiya thabwa likuoneka lobiriwira, gulani misomali yokutidwa ndi zinki, ya galvanised, chifukwa mankhwalawo amafulumizitsa dzimbiri pa chitsulo wamba, makamaka pamene pali chinyezi.

Kukhoma kwenikweni

Luso lonse la kamakinaka lili pa sekondi yoyamba ndi yomaliza. Valani lamba wake kuti kakhale kokhazikika m'chikhatho, payipi ikuyang'ana kumkono kwanu, ndipo lowetsani mutu wa msomali m'kamlomo mopepuka, mutagwira msomaliwo cham'mbali ndi zala ziwiri. Musaukankhe ndi chala chili kunsonga, chifukwa kamakinaka sikasiyanitsa pakati pa thabwa ndi chala, ndipo kakangomva kukankhidwa kamayamba kugunda. Maginito akaugwira, chotsani dzanja linalo ndipo likhale kutali ndi pamene msomali ukulowera ndiponso kutali ndi kuseri kwa thabwa kumene nsonga ingatulukire.

Ikani nsonga pamene mwalemba chizindikiro, ndipo musanakanikize yang'anani kuchokera mbali ziwiri kuti mutsimikize kuti kamakina, msomali ndi njira imene mukufuna kuti msomaliwo udutse zili pamzere umodzi. Kenako kanikizani pang'ono, mongogwedeza, kuti kagunde kangapo n'kuleka. Nsonga ikaluma thabwa mamilimita angapo, imani ndi kuyang'ananso. Pamenepa ndi pamene msomali ungawongoledwe, chifukwa ukalowa kufika theka umakhala utasankha kale njira yake, ndipo kuupotoza ndi dzanja kumangoupinda. Mukakhutira, kanikizani mokhazikika ndi mphamvu yofanana kufikira kumapeto. Oyamba kumene amakonda kutsamira ndi thupi lonse poganiza kuti akuthandiza, koma womenya ndi mpweya, ndipo ntchito ya dzanja ndiyo kusunga mzere ndi kutsatira msomali pamene ukutsika. Kukankha kwambiri ndiko kumapinda misomali yaitali, makamaka pamene dzanja lapendekeka pang'ono chifukwa cha kuchepa kwa malo.

Pomaliza gwiritsani ntchito khutu. Msomali ukamalowa phokoso limakhala lopepuka ndi lofanana, koma mutu ukangofika pathabwa limasintha n'kukhala lolemera, ndipo kunjenjemera kumakwera mwamphamvu mpaka pachigongono. Fewetsani dzanja nthawi yomweyo. Mukapitiriza, kamlomo kamasiya chipsera chozungulira pathabwa ndipo mutu umamira n'kudula minyewa ya thabwalo, zimene zimachepetsa mphamvu ya kugwira kwake. Pamatabwa oonekera, monga a kabati kapena a chitseko, imani mutu utatsala pang'ono kufika, kenako malizani ndi hamala ndi kachitsulo komizira mitu ya misomali ngati malo alola. Timakina tina tili ndi pochunira kuya kwa msomali, ndipo ngati kanu kali napo, chunani pachidutswa choyesera musanakwere kudenga.

Matabwa amasiyananso m'mene amalandirira msomali. Paini, monga wochokera ku Chikangawa, ndi wofewa ndipo msomali wa mainchi 4 umamira m'masekondi ochepa, moti ngozi yake ndi kupitiriza muyeso. Bulugamu wouma, mlombwa ndi mbawa ndi nkhani ina, chifukwa msomali umatha kuima panjira n'kupindika, kapena thabwa limang'aluka, makamaka pafupi ndi kumapeto kwake. Pamatabwa oterowo boolani kaye kabowo kochepera pang'ono msomali, pafupifupi magawo atatu mwa anayi a kunenepa kwake. Ngati choboolera sichikwana pamalopo, bunthitsani nsonga ya msomali poimenya kamodzi ndi hamala, chifukwa nsonga yobuntha imaphwanya minyewa ya thabwa pamene ikudutsa, pomwe yakuthwa imailekanitsa n'kung'amba thabwalo. Pewaninso mfundo za m'thabwa, pakuti msomali ukagunda mfundo umakhota n'kutulukira pambali.

Pokhoma mopendeketsa, monga pamene thabwa loimirira likulumikizidwa ndi logona ndipo simungathe kukhomera kuchokera kunsi, yambirani msomali pamtunda wokwana gawo limodzi mwa atatu a kutalika kwake kuchokera kumapeto kwa thabwa, ndipo upendekere pafupifupi madigiri 30 kuchokera pathabwa loimiriralo. Nsonga imakonda kuterereka pamalo opendekera, choncho iyambitseni mowongoka kuti ilume pang'ono, kenako pendeketsani msomali ndi kupitiriza. Kugunda kofulumira kumasuntha thabwa kuchoka pamzere wake kuposa mmene hamala imachitira, motero lipanikizeni ndi chopanira kapena khomani kachidutswa kongoyembekezera kuseri kwake, kamene mudzakazule mukamaliza.

Zitsulo zolumikizira matabwa

Ntchito imene kamakinaka kamaonetsa phindu lake lonse ndiyo kukhoma zitsulo zolumikizira, monga zonyamula mitanda zotchedwa joist hanger, zamakona, ndi malamba omangirira phaso ku thabwa la pakhoma. Makampani opanga zitsulozi, monga Simpson Strong-Tie ndi MiTek, amalemba kulemera kumene chitsulo chilichonse chinganyamule, ndipo chiwerengerocho chimakhala choona pokhapokha misomali ya kukula kumene atchula yakhomedwa m'mabowo onse amene atchula. Ku America msomali wofala pa ntchitoyi ndi waufupi koma wonenepa, wotalika inchi imodzi ndi theka, pamene ku Britain amagwiritsa ntchito wopotana wa mamilimita 30 m'litali ndi 3.75 m'kunenepa. Kuika msomali wopyapyala chifukwa choti ndi umene uli m'thumba, kapena sikuluu ya siling'i imene imathyoka ikakokedwa cham'mbali, ndiko kufooketsa chitsulo chimene mwiniwake wa nyumba wachilipira ndalama zambiri.

Tiyerekeze kuti mwagona chammimba pamitanda pafupi ndi khoma, lata lili pamwamba pa mutu wanu, ndipo mukufuna kumangirira phaso ndi chitsulo chokhala ndi mabowo angapo mbali iliyonse. Konzani misomali m'thumba la pachiuno limene dzanja lamanzere lingafike mosatembenuka, ndipo ikani tochi pamalo pamene ikuunikira mabowo cham'mbali kuti dzanja lanu lisaphimbe kuwala. Gwirizitsani chitsulocho pamalo ake ndi chopanira. Lowetsani msomali m'kamlomo, pititsani dzanja mumpatamo, ndipo yendetsani nsonga pang'onopang'ono pamwamba pa chitsulo kufikira mutaimva ikugwera m'bowo. Musakanikize musanamve kugwerako, chifukwa msomali womenyedwa pachitsulo chosaboola umaterereka kapena kuthawa mwamphamvu. Yambani ndi bowo limodzi pa phaso ndi limodzi pa thabwa la pakhoma kuti chitsulo chikhazikike, onani ngati chagona bwino mbali zonse, kenako dzazani otsalawo kuyambira ovuta kufikira, pamene dzanja likadali ndi mphamvu. Mutu wa msomali ugone pachitsulo mosachibowoleza. Mfuti wamba ya misomali siyenera pa ntchito imeneyi chifukwa simuona pamene nsonga ikulowera, ndipo apa palm nailer imaiposa popeza nsonga ya msomali ili poonekera ndipo ndi imene ikutsogolera.

Musanakhome m'nyumba yakale kapena m'siling'i mmene amagetsi ndi mapulambala anadutsamo kale, fufuzani kuseri kwa thabwa lililonse ndi maso kapena ndi dzanja, chifukwa mawaya ndi mapaipi a madzi amakonda kubisidwa m'makona momwemo. Ngati mukukayika, thimitsani magetsi pa switchi yaikulu.

Kuteteza thupi

Magalasi oteteza maso avalidwe nthawi zonse, ndi inu komanso ndi wothandizira amene ali pafupi, pakuti zinki wokuta msomali amasupuka n'kuuluka, ndipo mpweya wotuluka m'kamakinaka umautsa fumbi ndi utuchi zimene zakhala m'denga zaka zambiri. Makutu nawonso atsekedwe. Phokoso lopitirira madesibelo 85 limawononga makutu munthu akakhalamo tsiku lonse la ntchito, ndipo palm nailer ikamagunda pansi pa malata, pafupi ndi mutu wanu, phokosolo limabwerera kuchokera mbali zonse.

Chimene ambiri amachinyalanyaza ndi kunjenjemera. Amene anasanjikapo dzanja pa chigayo chikugaya amadziwa dzanzi limene limatsala m'zala, ndipo kamakinaka kamachita zomwezo pachikhatho chenicheni, pamene pamadutsa mitsempha yopita ku zala. Kugwiritsa ntchito zipangizo zonjenjemera kwa nthawi yaitali kumayambitsa matenda amene zala zimachita dzanzi losatha, kutuwa pakazizira ndi kufooka pogwira zinthu, ndipo zikafika poipa sizibwerera mwakale. Valani magolovesi okhala ndi zofewa pachikhatho, musafinye kamakinaka kuposa mmene kakufunikira, pumani pafupipafupi, ndipo sinthanani ndi mnzanu ngati zitsulo zokhoma zili zambiri. Dzanzi likapanda kutha patapita nthawi mutaweruka, pitani kuchipatala ndipo mufotokoze ntchito imene mumagwira.

Pokwera ndi potsika makwerero, posintha kamlomo, pochotsa msomali wopanikizika, ndiponso popatsira mnzanu, chotsani kaye payipi ya mpweya. Payipiyo imangirireni pa mtanda pafupi ndi pamene mukugwirira ntchito, kuti kulemera kwake kusakukokeni komanso kuti munthu woikodola pansi asakugwetseni.

Kusamalira ndi kukonza zovuta zazing'ono

Tsiku lililonse musanayambe ntchito, donthezani madontho ochepa a mafuta opangidwira zipangizo za mpweya polowera mpweya, kenako khomani misomali iwiri kapena itatu pachidutswa kuti mafutawo afalikire ndi kuti otsalawo asadetse thabwa labwino. Oyilo wa galimoto ndi mafuta opopera omasulira mabawuti adzimbiri sayenera, chifukwa amawononga timphete ta labala. Pukutani m'kamlomo kawirikawiri, popeza maginito amasonkhanitsa tizitsulo timene timalepheretsa mutu wa msomali kukhala bwino. Musagunditse kamakinaka mulibe msomali, chifukwa chitsulo chomenyera chimadzimenya chokha n'kutha msanga.

Nthawi zina mukangolumikiza payipi kamakinaka kamayamba kutaya mpweya mosalekeza osagunda. Kawirikawiri chimachitika n'chakuti pisitoni yaima pakatikati, ndipo kumenya kumsana kwake kamodzi ndi chikhatho, mulibe msomali m'kamlomo, kumaibwezera pamalo ake. Ngati kutayako kukupitirira, timphete ta labala tauma kapena tatha ndipo tiyenera kusinthidwa. Kakamagunda mofooka, yang'anani kaye geji, payipi yopindika ndi zolumikizira zotaya mpweya musanaganize zokamasula. Msomali ukapindikira m'kamlomo, chotsani mpweya ndi kuuzula ndi pulayala, ndipo wopindikira pathabwa uzuleni n'kuyambira wina pambali pang'ono, chifukwa bowo loyambalo lidzakhotetsanso msomali watsopano.

Poweruka, thimitsani kompuresa, tulutsani mpweya ndi kutsegula kavavu ka pansi pa thanki kuti madzi atuluke. Mpweya ukapanikizidwa umasiya chinyezi m'thanki, ndipo m'nyengo ya dzinja madziwo amachuluka kwambiri, moti akasiyidwa amadya thanki ndi dzimbiri kuchokera m'kati ndipo ena amayenda m'payipi n'kukatsuka mafuta a m'kamakinaka. Sungani palm nailer m'bokosi louma, polowera mpweya patatsekedwa ndi kachivindikiro kapena kansalu koyera kuti mchenga ndi utuchi zisalowemo.